Kodi ma rocker a 1.6 angalowe m'malo mwa camshaft yatsopano? Yankho kwa bambo a ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Lizulu amene ali ndi pikapu yakale ya Toyota Hilux ya injini ya petulo ya 4Y. Galimotoyo amanyamulira mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita ku Lilongwe, ndipo nthawi zina amatsika nayo ku Golomoti kudzera ku Khwekhwerere. Dandaulo lawo ndi lakuti ikadzaza katundu imafooka pamtunda, moti amakwera ndi giya yachiwiri pamalo pomwe kale ankadutsa ndi yachitatu. Mlamu wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg wawauza kuti angathe kuwatumizira ma rocker arm a 1.6, ndipo wawatsimikizira kuti akawaika, injiniyo idzakhala ngati yaikidwa camshaft yaikulu, chifukwa mavalavu azitseguka kwambiri komanso kwa nthawi yaitali. Funso lawo ndi lakuti kodi zimenezi ndi zoona, ndipo atumize ndalama kapena ayi.

Bambo, zikomo chifukwa chofunsa musanatulutse ndalama. Alamu anu anena zoona pa mbali yoyamba, yakuti valavu idzatseguka kwambiri. Pa mbali yachiwiri, ya nthawi, zoona zake ndi zochepa kuposa momwe akuganizira, ndipo ndi pamenepa pomwe ndikufuna tikhalitse.

Tiyambe ndi mjigo, popeza palibe amene sanaugwirepo. Chogwirira cha mjigo ndi chitsulo chimodzi chokhazikika pa pini, mbali ina yaitali, mbali ina yaifupi. Dzanja lanu limayenda mtunda wautali kumbali yaitaliyo, pamene ndodo yopita pansi pa chitsime imangoyenda pang'ono, koma ndi mphamvu zambiri. Rocker ndi chitsulo cha mtundu womwewo, kungoti imagwira ntchito motembenuza: camshaft, shafiti yozungulira yomwe imatsegula mavalavu, imakankha kachitsulo kotchedwa lifter, lifter imakankha ndodo yotchedwa pushrod, pushrod imakankha mbali yaifupi ya rocker, ndipo mbali yaitali ndiyo imatsikira pa mutu wa valavu. Choncho valavu imayenda mtunda wautali kuposa womwe camshaft yakankha. Nambala ngati 1.5 kapena 1.6, yomwe amaitcha ratio, imapezeka pogawa kutalika kwa mbali ya valavu ndi kutalika kwa mbali ya pushrod, poyeza kuchokera pa shafiti pomwe rocker imayendera. Ngati mbali ya valavu ndi mamilimita 36 ndipo mbali ya pushrod ndi mamilimita 24, rocker imeneyo ndi ya 1.5. Kuti ikhale ya 1.6, opanga sangatalikitse mbali ya valavu, chifukwa valavu ili pamalo pake m'hedi ndipo sisuntha, ndiye amasendeza kachikho kolandira pushrod kuti kayandikire shafiti, mbaliyo n'kukhala mamilimita 22.5. Musaiwale mamilimita 1.5 amene pushrod yasendezedwawa, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku.

Masamu a lift, kutanthauza mtunda womwe valavu imachoka pampando pake, ndi osavuta. Camshaft ili ndi zotupa zonga linunda la ng'ombe, zomwe amakaniko amati ma lobe. Tiyerekeze kuti lobe yanu imatukula lifter mamilimita 7. Ndi rocker ya 1.5, valavu imatseguka mamilimita 10.5, ndipo ndi ya 1.6 imatseguka mamilimita 11.2. Kusiyana kwake ndi mamilimita 0.7, kapena 6.7 peresenti. Ngati injini yanu ndi yoseta ma tapeti ndi sikuluwu, chotsaniponso mpata womwe mumasiya pakati pa rocker ndi valavu, chifukwa mpatawo uyenera kutha kaye valavu isanayambe kuyenda. Nambala ya 7 ndi ya 1.5 ndazisankha kuti masamu aoneke bwino. Za injini yanuyo zidzadziwika poyeza, ndipo ndifotokoza kayezedwe kake.

Opanga injini sasankha nambalayi mwachisawawa, amaisankha pamodzi ndi camshaft. Injini ya small-block ya Chevrolet, yomwe inayamba kupangidwa mu 1955, inkagwiritsa ntchito 1.5, ya Ford 302 inali ya 1.6, ndipo pamene General Motors inatulutsa injini ya LS1 mu 1997 inaika ma rocker a 1.7. Volkswagen Beetle ya 1600 inali ndi 1.1 yokha, ndiye ma lobe ake ankayenera kuchita okha pafupifupi ntchito yonse. Ma injini ena, monga 4A-FE ya ma Corolla akale aja, alibe rocker ndi imodzi yomwe: camshaft ili pamwamba ndipo imakankha valavu kudzera m'kachikho kachitsulo, kotero lift ya lobe ndi yomweyo ya valavu.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene mabuku amaitcha duration. Nthawi imeneyi sayeza ndi wotchi, amayeza ndi madigiri a kuzungulira kwa crankshaft, shafiti yaikulu yomwe mapisitoni amazungulitsa. Injini ya four-stroke imamaliza ntchito yake yonse crankshaft ikazungulira kawiri, omwe ndi madigiri 720, ndipo camshaft imazungulira kamodzi kokha m'nthawi imeneyo. Duration ndi chiwerengero cha madigiri omwe valavu imakhala itachoka pampando. Chimene chimalamula kuti valavu iyambe liti kuchoka ndi kubwerera liti ndi maonekedwe a lobe, omwe anasemedwa pachitsulo ku fakitale. Lobe isanayambe kukwera, lifter imakhala phee, pushrod imakhala phee, ndipo rocker ilibe chochulukitsa. Ziro mukamuchulukitsa ndi 1.5 amakhalabe ziro, mukamuchulukitsa ndi 1.6 ndi ziro yemweyo. Choncho pa injini yomwe ilibe mpata wa tapeti, monga ya ma lifter odzitchuna okha ndi oyilo, valavu imanyamuka pa digiri yomweyo ndi kutera pa digiri yomweyo, kaya mwaika rocker yanji. Nsonga ya lift imagweranso pamalo omwe aja, ndipo mpata wa madigiri pakati pa lobe yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi susintha ngakhale pang'ono.

Ogulitsa ma camshaft ku America amalemba duration yoyezedwa lifter itakwera mainchi 0.050, omwe ndi mamilimita 1.27. Popeza muyezowo amautengera pa lifter, mphamvu isanafike n'komwe ku rocker, nambala yolembedwa pakhadi la camshaft imakhala yomweyo mpaka kalekale. Wina akakuuzani kuti rocker yasintha camshaft ya madigiri 200 kukhala ya madigiri 215, dziwani kuti walakwitsa.

Nanga bwanji anthu ambiri odziwa ntchito amanenabe kuti rocker yaikulu imawonjezera duration? Ali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ndi chenicheni. Ganizirani zulu ziwiri zomwe tsinde lake ndi lotambalala mofanana, koma chimodzi ndi chachitali kuposa chinzake. Mukayeza pansi penipeni mupeza zofanana. Koma mukayeza kutambalala kwake pa msinkhu wa bondo, chachitali chija chipezeka chotambalala kwambiri, chifukwa mbali zake zakwera mofulumira. Kayendedwe ka valavu mukakajambula papepala kamaoneka ngati chulu, ndipo rocker ya 1.6 imachitalikitsa osakhudza tsinde.

Tiike manambala. Valavu itangochoka pampando pang'ono, mpweya womwe umadutsa ndi wochepa kwambiri; tinene kuti ntchito yeniyeni ikuyamba valavu itatseguka mamilimita 1.5. Ndi rocker ya 1.5, lobe iyenera kukwera milimita imodzi yathunthu kuti valavu ifike pamenepo. Ndi ya 1.6, lobe ikangokwera mamilimita 0.94 valavu yafika kale. Kusiyanako ndi mamilimita 0.06. Ngati pamalo amenewo lobe ikukwera mamilimita 0.05 pa digiri iliyonse ya crankshaft, ndiye kuti valavu yafika msanga ndi digiri imodzi ndi kachidutswa, ndipo potseka idzachedwa mofananamo. Zonse pamodzi ndi madigiri awiri kapena atatu. Amenewo ndiwo malire a zomwe alamu anu akulonjeza. Camshaft yosinthadi khalidwe la injini imawonjezera madigiri khumi, makumi awiri kapena kuposa, ndipo imasunthanso nthawi yomwe valavu yolowetsa mpweya imatsekera, yomwe ndi imene imalamula kwambiri liwiro lomwe injini imakokera bwino.

Umboni womwe ine umandikhutiritsa kwambiri ndi wa Honda. Pamene kampaniyi inatulutsa VTEC mu 1989, cholinga chinali chakuti injini imodzi ikhale ndi duration yaifupi ikamayenda pang'onopang'ono ndi yaitali ikathamanga. Akatswiri ake anasema lobe yachitatu, yaikulu ndi yotambalala, pakati pa ziwiri zazing'ono, ndipo oyilo amakankha kapini komwe kamamanga ma rocker pamodzi kuti onse atsate lobe yaikuluyo. Rocker inangokhala njira yosankhira lobe. Kukanakhala kuti ratio yokha ingapereke nthawi yochuluka, sakanavutika kusema lobe ina.

Pali kanthu kena kakang'ono kwa amene injini zawo ndi zoseta ma tapeti. Mpata wa mamilimita 0.30 pa valavu umatha lobe ikakwera mamilimita 0.20 ngati rocker ndi ya 1.5, koma ndi ya 1.6 umatha lobe ikakwera pafupifupi 0.19. Apa valavu imanyamukadi msanga pang'ono. Kuti inyamukire pamalo omwe wopanga camshaft anakonza, mpatawo uyenera kukulitsidwa molingana, kufika pa 0.32. Amakaniko ambiri sachita masamu amenewa, amangoseta nambala ya m'buku lakale.

Funso lomwe liyenera kubwera tsopano ndi lakuti kodi mamilimita 0.7 owonjezerawo asanduka mphamvu. Mpweya umalowa kudzera pampata wozungulira m'mphepete mwa valavu, ndipo mpatawo umakula pamene valavu ikutsika. Koma ukafika pofanana ndi kukula kwa valavu yeniyeniyo, zomwe zimachitika lift ikakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a kutambalala kwa valavu, chimene chimayamba kutchinga mpweya ndi njira ya m'hedi momwe mpweyawo wadzera. Valavu yotambalala mamilimita 40 imafika pamenepo pa lift ya mamilimita 10. Kupyola apo phindu limakhalapobe, makamaka chifukwa valavu imakhalitsa pamalo otseguka bwino, koma limanka licheperachepera, makamaka pa hedi yomwe sinakonzedwe njira zake. Kuwonjezera apo, phindulo limaoneka injini ikathamanga kwambiri, pamene silinda ili ndi kanthawi kochepa kodzaza. Inu bambo mukamakwera Khwekhwerere ndi katundu, injini yanu imakhala pa liwiro lotsika kapena lapakati, pomwe silinda imadzaza bwino ndithu ndi lift yomwe ilipo kale. Sindikuyembekezera kuti mungabwezeredwe giya yachitatu ija ndi ma rocker.

Ndipo mtengo wake suthera pa ndalama zotumiza ku Johannesburg. Mjigo uja umatikumbutsa kuti mbali yaifupi ndiyo imasenza katundu wambiri. Tiyerekeze kuti sipuling'i ya valavu imakankha ndi makilogalamu 35 valavu ili yotseka, ndipo imawonjezera makilogalamu 4 pa milimita iliyonse yomwe yafinyidwa. Pa lift ya 10.5 ikukankha ndi makilogalamu 77, ndipo pushrod, lifter ndi lobe zikusenza 77 kuchulukitsa ndi 1.5, pafupifupi makilogalamu 116. Pa lift ya 11.2 sipuling'i ikukankha ndi makilogalamu 80, ndipo kuchulukitsa ndi 1.6 ndi makilogalamu 128. Lift yakwera ndi 6.7 peresenti koma katundu pa lobe wakwera ndi 10 peresenti, chifukwa zinthu ziwiri zakwera nthawi imodzi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ka 25 pa sekondi imodzi, ndipo katundu ameneyu amagwera pa lobe yomwe yatumikira kale zaka zambiri, nthawi zina ndi oyilo yemwe wachedwa kusinthidwa. Valavu nayonso iyenera kuyenda mtunda wautali m'nthawi yomweyo, ndiye imanyamuka mwaliwiro ndi kutera mwamphamvu, ndipo sipuling'i yotopa imayamba kulephera kuibweza pa liwiro lotsika kuposa kale.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi manja anga zaka zapitazo kuno ku Dedza, pa injini ya pushrod yomwe ndinaiika ma rocker aakulu ndisanayeze kanthu. Inalira bwino pa galaja, ndipo mwini wake anachoka wokondwa. Patatha masiku ochepa galimotoyo inabwera chokokedwa kuchokera cha ku Bembeke, ma pushrod awiri atapindika. Titatsegula tinapeza kuti ma sipuling'i ankafinyika mpaka mawaya ake kugundana valavu isanamalize ulendo wake, ndipo sipuling'i ikafika pamenepo imasanduka chitsulo cholimba chomwe sichingafinyikenso. Camshaft siima chifukwa cha zimenezo, imakankhabe, ndipo chomwe chili chofooka pamzerewo ndicho chimagonja. Ntchitoyo ndinaibwereza ndi ndalama zanga, ndipo chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti munthuyo anataya katundu wa tsiku la msika chifukwa cha muyezo womwe ukanangonditengera mphindi khumi.

Choncho ngati mungasankhe kuwaikabe, makaniko wanu azungulitse injini ndi dzanja mpaka valavu itatseguka kotheratu, ndipo aone kuti sipuling'i yatsala ndi mpata wosachepera mamilimita 1.5 isanagundane mawaya. Aonenso kuti retainer, kambale kogwira sipuling'i pamwamba, sikakufika pa silu ya valavu. Aone bowo lomwe pushrod imadutsa m'hedi, chifukwa rocker yatsopano yaisendeza kumbali ndi mamilimita 1.5 aja ndipo ikhoza kumakhula khoma la bowolo. Kenako achotse hedi, aike dongo lofewa pamwamba pa pisitoni, abwezere hedi ndi gasiketi yake, azungulitse injini kawiri ndi dzanja, atsegulenso ndi kuyeza kuchindikala kwa dongo pomwe mavalavu adinda. Omanga ma injini amafuna mpata wa mamilimita 2 ku valavu yolowetsa mpweya ndi 2.5 ku yotulutsa utsi. Malo oopsa ndi pamene pisitoni ili pafupi ndi pamwamba kumapeto kwa kutulutsa utsi, mavalavu onse awiri ali otseguka pang'ono, ndipo ndi pomwe rocker yaikulu imawatsitsa kuposa kale. Potsiriza apake inki pamutu pa valavu ndi kuona pomwe rocker yapukuta: mzerewo ukhale wopapatiza ndiponso pakati, chifukwa ukapendekera kumbali valavu imakankhidwa chammbali ndipo guide yake, kapaipi komwe valavuyo imayendamo, imatha msanga. Kwa anzanga a ma injini a dizilo, a mathirakitala ndi a zigayo, ndikuti musayese n'komwe, popeza pisitoni ya dizilo imafika pafupi kwambiri ndi mavalavu.

Koma ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndafunsa chifukwa chomwe galimotoyo yafookera, popeza mwanena nokha kuti kale inkakwera ndi giya yachitatu, ndi ma rocker omwe alimowa. Mbali ina ya vutoli ndi dziko lathu lomweli. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamsinkhu umenewu mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi mofananamo. M'mbali mwa Nyanja ya Malawi, pomwe ndi pa mamita osakwana 500, injini yomweyo imapuma mpweya wolemera ndi pafupifupi 10 peresenti kuposa kuno kumtunda, ndiye mukamachoka ku Golomoti mphamvu zimanka zichepa pamene mtunda ukukula. Kabuleta yomwe inatchunidwa kumalo otsika imaperekanso petulo wochuluka kuposa mpweya womwe ulipo kuno, zomwe zimadetsa mapulagi ndi kufooketsa injini. Komabe mapiriwa analipo kale pamene galimoto yanu inkakoka bwino, kotero china chake chatha mkati.

Yambani ndi zotsika mtengo. Onani fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi la m'misewu ya kumidzi m'chilimwe limaitseka msanga. Onetsetsani timing ya moto ndi kutchuna kabuleta kuno komwe galimotoyo imagwirira ntchito. Yezetsani compression, mphamvu yomwe pisitoni imafinyira mpweya, ya masilinda onse anayi injini ili yotentha. Ngati imodzi yatsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake, kapena zonse zili pansi pa nambala ya m'buku, vuto ndi maring'i kapena mavalavu osakhala bwino pampando, ndipo valavu yotayitsa mpweya siingachire chifukwa chotseguka kwambiri. Tcheni cha timing, chomwe chimazungulitsa camshaft, chikatambasuka chimachedwetsa camshaft yonse, ndipo madigiri omwe mumataya pamenepo akhoza kuposa awiri kapena atatu omwe mukufuna kugula, komanso amatayika kumbali yomwe imachepetsa kukoka pa liwiro lotsika.

Kenako pezani makaniko amene ali ndi dial gauge, chida chonga wotchi choyezera kusuntha kwakung'ono kwambiri. Aiike pa nsonga ya pushrod, azungulitse injini ndi dzanja ndi kulemba lift ya lobe iliyonse mwa zisanu ndi zitatu, kenako aiike pa retainer ndi kulemba lift ya valavu. Pa injini ya ma lifter a oyilo muyezo wa ku valavu ukhoza kutsika pang'ono chifukwa lifter imaphwa ikafinyidwa pang'onopang'ono, ndiye auwerenge msanga. Kugawa nambala ya valavu ndi ya lobe kukupatsani ratio yeniyeni ya ma rocker anu, yomwe kawirikawiri imasiyana pang'ono ndi yolembedwa, popeza ratio imasinthasintha rocker ikamapendekeka paulendo wake. Muyezo womwewo uululanso ma lobe odyeka. Lobe yomwe yadyeka theka la milimita imachotsa mamilimita 0.75 pa valavu, kuposa 0.7 amene ma rocker atsopano angabweretse, ndipo lobe ikayamba kudyeka, khungu lake lolimba lapita, moti kuisenzetsa katundu wina wa 10 peresenti kungoimaliza msanga. Mukapeza zotero, ndalama zomwe munakonzera ma rocker zipite ku camshaft yabwino ya muyezo wa fakitale pamodzi ndi ma lifter atsopano, chifukwa lifter yakale pa camshaft yatsopano imadya lobe.

Alamu anu muwapemphe kuti ayambe afunsa wogulitsayo ngati ma rocker amenewo anapangidwira 4Y yeniyeni, chifukwa ambiri olembedwa 1.6 pamsika ndi a ma injini a V8 a ku America, omwe ambiri mwa iwo amakhala aliyense pa bawuti yakeyake yotchedwa stud m'malo mwa shafiti ndipo sangalowe pa injini ina. Mukayezetsa, munditumizire manambala a compression a masilinda anayiwo, a lift ya ma lobe asanu ndi atatu, ndi a lift ya mavalavu, kuti tione pamodzi chomwe chikufunika kugulidwa nyengo yokolola mbatatesi isanafike.